Chithunzi Chopanda Nsapato

Mukatsika minibasi pa Kande n'kufunsa kuti wojambula zithunzi za ukwati amakhala kuti, ngakhale mayi wogulitsa usipa akulozerani kwanga. Sindikudzitama ayi. Chabwino, ndikudzitama pang'ono, pajatu ndine Mtonga. Ndajambula maukwati kuyambira ku Chintheche mpaka ku Tukombo, ndipo palibe mkwatibwi amene anabwerapo kudzadandaula kuti ndamudetsa nkhope. Koma luso limeneli sindinalitenge kusukulu. Ndinalitola ku Joni, ndili wantchito wa m'munda wa maluwa, ndipo chimene chinandiphunzitsa ndi maso a amayi anga.

Ndinachoka kuno ndi chikwama chimodzi ndi jekete ya malemu bambo anga. Ama, ndi mmene timaitanira amayi kwathu kuno, anandiperekeza mpaka kumsewu wa tala. Sanalire. Anangondikonza kolala n'kunena kuti, "Usakatchone." Mawu amenewa mayi aliyense wa m'mbali mwa nyanja ino amawadziwa, poti amuna ambiri a m'midzi yathu anapita kumigodi kalelo osabwerako. Ndinawalonjeza zaka ziwiri, monga amalonjezera aliyense.

Ndinafikira m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya munthu wina, momwe tinkagona anthu anayi, tonse akwathu. Wamkulu wathu anali Ada Mhone a ku Chintheche, poti abambo kwathu timati Ada, khukhi wa m'nyumba za anthu olemera, bambo wa mimba yake ndithu, amene ankasita ngakhale masokosi. Kuzizira kwa kumeneko, abale inu! M'miyezi yachisanu madzi a m'ndowa ankaluma zala, ndipo ife ozolowera kutentha kwa kunyanja tinkagona titavala zipewa. Apolisi akalowa mumsewu wathu kufunsa mapepala, tinkabalalika ngati mbewa. Koma wina akalandira ufa wa kondowole ndi usipa wouma kuchokera kumudzi, tinkadyera mbale imodzi n'kuyamba nyimbo za malipenga mpaka mwini nyumba kutigogodera khoma. Ndinadwalapo chifuwa mwezi wathunthu m'kachipinda kameneko, ndipo anali Ada Mhone amene ankandibweretsera supu m'botolo kuchokera kuntchito kwawo.

Ntchito ndinaipeza kwa mayi wina wojambula zithunzi za maukwati, amene ndinkangowatchula kuti Madamu. Yanga inali kutchetcha kapinga, kuthirira maluwa ndi kutsuka galimoto. Kamera ndinkangoionera patali.

Lamlungu ndiye linali tsiku lathu. Tikaweruka kutchalitchi, suti zili pathupi, tayi ili pakhosi, nsapato zikuchita kuwala, tinkayenda m'misewu ya anthu olemera kusaka galimoto yabwino yoimikidwa panja. Tikaipeza, makamaka yoyera, mmodzi ankatsamira pachitseko, dzanja m'thumba, wina n'kuwoloka msewu kukaima kutsidya ndi foni kuti zonse zilowe: galimoto, geti, mtengo, ndi nsapato. Nsapato ndiye zinali zosakambirana. Ada Mhone ankati chithunzi cha Mtonga chimayambira pansi kupita m'mwamba. Tinkadikiranso kuti dzuwa lifike paliwombo, poganiza kuti dzuwa likachuluka chithunzi chimaoneka bwino. Zithunzizo tinkatsukitsa n'kutumiza kumudzi pamodzi ndi sopo ndi mabulangete.

Tsiku lina mlongo wanga Tamala, amene ankasamala Ama kumudzi, anandiimbira foni.

"Achimwene, zithunzi zafika. Anthu ayamikira suti."

"Nanga Ama ati bwanji?"

Tamala anati, "Ama ati galimoto ayiona, ndi yoyera. Koma chakuda chaima pambali pakecho ati kaya ndi munthu kaya ndi chitsa."

Ndinaseka, koma iye sanaseke. M'pamene anandiuza zimene ankandibisira. Maso a Ama anali atayamba kuchita chifunga. Kuchipatala anawauza kuti si ng'ala yoti n'kuichotsa, koma nthenda ya mkati mwa diso, ndipo mankhwala odontheza angochedwetsa chabe. Diso lakumanzere linali litapita kale. Lakumanja linkaona ngati munthu wosuzumira pakabowo ka chitseko, ndipo kabowoko kankachepa mwezi ndi mwezi.

"Akufuna aone nkhope yanu diso lisanatseke," anatero Tamala. "Amanena zomwezo tsiku ndi tsiku, mpaka ine ndatopa nazo kuyankha."

Tinayesa kuonana pafoni, koma kafoni ka Tamala kanali kakang'ono, kong'aluka galasi, ndipo Ama ankati akumva mawu anga koma akuona nyali. Mwina mukuti bwanji sindinangokwera basi. Masiku a m'pasipoti yanga anali atatha kalekale, ndipo ukatuluka m'dziko muja uli choncho, pachipata amakudinda kuti usabwerenso. Ana a Tamala ankadalira ine. Ndinene zoona, panalinso manyazi. Nyumba imene ndinkamanga kumudzi inali isanafoleredwe, ndipo ndinkaopa kusekedwa kuti ndabwera ku Joni ndi jumbo m'manja. Mpaka lero zimenezi zimandiwawa.

Ndinatulutsa zithunzi zanga zonse n'kuziyang'ana nditatsinzina diso limodzi, monga angazionere Ama. Koma inu! Nkhope yanga inali ngati kanyemba, yakuda bii, pamalo pa maso pali mabowo awiri. Ngakhale ine mwini wake sindikanalumbira kuti ndine.

Loweruka lina wothandizira Madamu sanabwere, ndipo iwo anandiitana ndili ndi fosholo m'manja. "Samba, vala zaukhondo, tiye." Ku ukwatiko anandipatsa chinsalu chozungulira chokhala ndi waya m'mphepete, mbali ina choyera, mbali ina chonyezimira. Ine ndinachitcha lichero, ndipo mpaka lero ndimachitchula choncho.

Dzuwa linali lokongola zedi tsiku limenelo, lili paliwombo penipeni. Ndinadabwa kuona Madamu akuchotsa akwati padzuwapo n'kukawaimika mumthunzi, m'mphepete mwa khonde. Mumtima ndinati mayiwa mutu sukuyenda. Kenako anati, "Tsitsa lichero, lipendeketse. Pang'ono. Pang'ononso. Ima pomwepo." Ndinaona kuwala kukukwera pankhope ya mkwatibwi kuchokera kuchibwano, mtsikana wakuda ngati ine ndemwe. Masaya anaoneka, mphuno inaoneka, ndipo m'maso mwake munatuluka timadontho tiwiri toyera. Ndinaiwala za lichero mpaka Madamu anandikalipira.

Pobwerera ndinalimba mtima, poti safunsa anadya phula. "Madamu, dzuwa labwinobwino munalithawiranji?"

"Dzuwa likakhala pamutu, chipumi chimaphimba maso," anatero akuyendetsa galimoto. "Ukufuna ndizijambula mabowo?"

Madamu sanali munthu wophunzitsa, mawu ankachita kuwaumira. Zambiri ndinaba ndi maso, poti kuyambira pamenepo lichero linali langa Loweruka lililonse. Ndinaona kuti asanakweze kamera ankayamba ayang'ana kumbuyo kwa munthuyo. Pakakhala mtengo wa magetsi woti uoneke ngati wamera pamutu, kapena bini, ankamusuntha. Pojambula mwana ankagwada kuti diso la kamera lifanane ndi maso ake. Maso a munthu sankawaika pakatikati pa chithunzi, ankawakweza cha kumtunda. Akafuna nkhope sankaima patali, ankayenda ndi miyendo yawo mpaka pafupi. Chimene chinanditsegula mutu kwambiri ndi cha diresi loyera. Anandiuza kuti kamera ikaona zoyera zambiri imatsinzina ngati munthu wothobwa m'maso, ndiye chilichonse chimada, choncho uyenera kuiuza kuti iyeze kuwala pankhope. Pafoni ungogwira nkhopeyo ndi chala. Ndinakumbukira magalimoto oyera a Lamlungu aja, ndipo ndinadziseka ndekha.

Ndinayamba kuyeserera ndi foni yanga pa chidebe chakuda chothirira maluwa. Ndinkachiika pampando n'kuchijambula m'mawa, masana, padzuwa, pamthunzi, pafupi ndi khoma, pakhomo. Wantchito wa nyumba yoyandikana nafe ankasuzumira pampanda n'kumapukusa mutu, ati Mmalawi uja wayamba misala. Ine ndinkangoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana wa msodzi sasowa kudziwa kumene dzuwa lili, chimene sindinkadziwa n'chakuti kuwala ungathe kukuweta. Pomaliza ndinapeza malo anga: pambali pa galaja, m'mawa, pamene dzuwa silinkafika koma khoma loyera la kutsidya linkabweza kuwala kofewa kuchokera kudzanja lamanja. Kumbuyo kunali khoma la simenti losapaka utoto, lopanda kanthu kalikonse.

Ndili mkati moyeserera, Tamala anaimbanso. Ati Ama athira tiyi pambali pa kapu, n'kudzipsereza mwendo. "Achimwene, ngati muli ndi chochita, chitani msanga."

Mawa lake ndinawafotokozera Madamu zonse. Iwo anati Lamlungu nditenge kamera yawo yakale. "Ukaigwetsa usadzabwerenso kuno. Ndipo kwa maso ofooka, nkhope ikhale yaikulu, pasakhale china chilichonse, pepala likhale losanyezimira."

Vuto linali limodzi: munthu sungadzijambule wekha ndi kamera yotere. Ndinapempha Ada Mhone. Anafika atavala suti ndi chipewa, ngati ojambulidwa ndi iwowo. Ine ndinali nditakonza zonse. Lichero ndinalitsamiritsa pa wilibala kuti libweze kuwala kumanzere, kamera ndinaitchera, ndipo pansi ndinaika njerwa, mapazi awiri okha kuchokera pamene ndinakhala.

"Ada, imani panjerwapo, muyang'ane umu, mudine apa. Basi."

Anasuzumira m'kamera, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo.

"Ada, panjerwa!"

"Iwe, nsapato sizikuoneka."

"Sizikufunika."

Anatsitsa kamera n'kundiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Sizikufunika? Mphwanga, wapenga? Ukufuna kumudzi akati unagundidwa ndi sitima, miyendo ulibe? Kapena akati nsapato unagulitsa chifukwa cha njala? Mbiri imeneyo ikafika mpaka ku Chintheche, ndipo akati ife amene umakhala nafe tikukuzunza."

"Anene zimene anene."

"Komanso tamvera," anatsitsa mawu. "Chithunzi cha mutu wokha ndi chija amanyamula kutsogolo kwa bokosi. Amayi ako akachilandira mtima ukawaima. Ine zamalodza sindijambula."

Apa ndiye ndinapsa mtima, ndipo ndinalankhula mokweza kwa munthu wamkulu, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo. "Ada, Ama atsala ndi kabowo kamodzi koonera, kochepa ngati ka singano. Nsapato ndi nkhope sizingadutse zonse pamenepo. Sankhani inuyo chimene aone."

Ada Mhone anavula chipewa n'kuchiika pansi, pafumbi, iwo amene sankalola ngakhale ntchentche kuchitera. Anabwera n'kuima panjerwa paja, miyendo pamodzi.

"Ndiye usandiumire ngati msilikali," anatero, diso lili m'kamera. "Wamva? Yang'ana ngati ukupempha amayi ako ndiwo zina, zoyamba utamaliza mwakuba."

Ndinaphulika kuseka, misozi ili m'maso, ndipo iwo anadina.

Madamu ataona chithunzicho pakompyuta anachikulitsa, anachichepetsa, anachikulitsanso. Anafunsa kuti anakonza kuwala ndani. Ndinati ndine. Anafunsa amene anasankha khoma, ndinati ndinenso. Sanayamikire, sichinali chikhalidwe chawo, koma Loweruka lotsatira anandikoleka kamera yachiwiri m'khosi n'kunena kuti ndizijambula alendo. Tsiku limenelo ndinayenda ngati nduna.

Chithunzicho tinachitsukitsa chachikulu ngati kalendala ya kutchalitchi. Ada Mhone, pofuna kupepesa, anagula felemu yagolide yokhala ndi galasi. Ndinawathokoza, koma galasilo ndinalichotsa, chifukwa galasi limanyezimira ndipo Ama akanangoona nyali ina. Ada Mhone anadandaula kuti ndawononga felemu, komabe anandithandiza kuchikulunga pakati pa makatoni awiri. Tinachipereka kwa thiransipota, mmodzi wa anthu aja onyamula katundu wa a ku Joni kupita naye kumudzi, ndipo Ada Mhone anamulumbiritsa kuti chikhale kuseri kwa mpando wa dalaivala, osati pamwamba ndi mafiriji. Inali nthawi yamvula, ndipo galimotoyo inachedwa m'njira. Masiku amenewo chakudya sichinkandilowa.

Chitafika, ndinamulangiza Tamala pafoni ngati dokotala. "Usawapatse m'nyumba, muli mdima. Uwatulutse pakhonde m'mawa. Nyanja ikhale kumbuyo kwawo, kuti dzuwa lotuluka kumeneko ligwere papepala, osati m'maso mwawo."

Tamala anaimba dzuwa litakwera. Ati Ama anachigwira ndi manja awiri n'kuchibweretsa pafupi ndi mphuno. Kenako anayamba kuchiyendetsa pang'onopang'ono kutsogolo kwa diso lawo, kuyambira kutsitsi, mzere ndi mzere, monga ankawerengera Baibulo. Tamala anasesa bwalo, anatsuka mbale, anapita kukatunga madzi n'kubwerako, iwo akadali pamphuno. Atafika pachibwano anatsitsa pepala n'kunena kuti, "Ndi iyeyu."

Ndinakhala pansi pakati pa maluwa a eni ake n'kulira ngati mwana.

Tamala anati tsiku lomwelo Ama anaitanitsa anzawo a chigwirizano kuti adzaone. Mayi wina anachiyang'ana n'kufunsa kuti nanga miyendo ili kuti. Ama akuti anayankha kuti, "Miyendo ndi imene inam'tenga. Ndilibe nayo ntchito." Nditawauza Ada Mhone zimenezi anaseka mpaka kutsokomola, ndipo Lamlungu lotsatira anandipempha kuti ndiwajambule nawonso cha nkhope yokha chopita kwa akazi awo, bola ndiwajambulenso china cha nsapato.

Ndikanakonda kunena kuti ndinanyamuka mwezi womwewo, koma lingakhale bodza. Ndinakhalabe. Ndinkati ndifolere kaye nyumba, ndigule kaye kamera yangayanga, ndiphunzire kaye kujambula gulu la anthu popanda wina kubisika. Zonsezo ndinachita. Anzathu a ku Malawi kuno anayamba kundifunafuna Lamlungu, ndipo ndinawachotsa pamagalimoto a eni ake mmodzimmodzi n'kuwaimika pamthunzi. Mvula inagwa n'kusiya, inagwanso. Kenako Tamala anaimba kuti diso lija latseka.

Ndinalongedza sabata yomweyo. Madamu anandipatsa lichero lija osanena mawu ambiri. Ada Mhone anandiperekeza kubasi atanyamula chikwama cha kamera ngati khanda, n'kundiuza kuti ndikasambe m'nyanja kawiri, kamodzi kanga kamodzi kawo. Pachipata anandidinda monga ndinkaopera, koma sizinandikhudze. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka.

Ndinatsika pa Kande masana, ndipo ndinatsala pang'ono kusochera. Pamene panali minda ya chinangwa panali malo ogona alendo, njira yakale yopita kwathu anali ataitseka ndi mpanda. Ana a Tamala, amene ndinawasiya akukwawa, anandipatsa moni waulemu ngati mlendo, wamkuluyo ndevu zitayamba. Tamala mwiniwake anali atafanana ndi Ama a tsiku limene ndinkachoka.

Ama anali pamkeka pakhonde la nyumba yatsopano ija, atachepa thupi, nkhope atalozetsa kumene kunkachokera phokoso. Chithunzi chija chinali pakhoma kumbuyo kwawo, m'mphepete mwake mutada ndi zala. Ndinagwada patsogolo pawo, suti yonseyo pafumbi.

"Timuoneni," anatero, moni wa kwathu wolandirira munthu wochokera kutali.

Ndinangoti, "Ama, ndachedwa. Mundikhululukire. Mwalephera kundiona."

"Ndani wakuuza?" anatero mokalipa. "Ndinakuona ine. Tsiku lililonse ndinkakuona, mpaka diso linatopa. Sendera kuno."

Ndinasendera. Anakweza dzanja, ndipo silinafufuze ayi. Chala chawo chinapita molunjika pamwamba pa khutu langa lakumanja n'kuima pomwepo.

"Imvi zija zili pano," anatero. "Zinali zisanu. Zawonjezekera?"

Ndinatembenukira kukhoma. Ine amene ndinasankha malo, ine amene ndinakonza kuwala, ine amene ndinachiyang'ana chithunzicho kambirimbiri ndisanachitumize, ndinali ndisanazione. Ndinadzuka n'kuyandikira, n'kuwerenga ndi chala. Zinali zisanu.